Turnitin yaonetsa 41 peresenti, bambo akuti ndilipire munthu aitsitse

Wandilembera mnyamata wa kuno ku Mangochi, ali chaka chomaliza ku yunivesite, kafukufuku wake ndi wa kuchepa kwa chambo m'nyanja ya Malombe. Akuti supervisor wamubwezera pepala chifukwa Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yofufuza mawu ofanana ndi zolemba za ena, yaonetsa 41 peresenti, ndiye bambo ake akumukakamiza apeze munthu amulipire atsitse peresentiyo bola graduation isamudutse. Makalata otere sachedwa kubwera ikafika nyengo yopereka ma research.

Mphwanga, Turnitin siiweruza mlandu. Imangopaka utoto mawu ofanana ndi zomwe inasunga, za pa intaneti, ma journal, ngakhale mapepala a ophunzira ena omwe anadutsamo kale. Mu 41 wakoyo mukhoza kukhala mndandanda wa mabuku wakumapeto, mayina ngati Department of Fisheries, ndi mawu omwe unawaika bwinobwino mu ma quotation, ndipo zina mwa izi lecturer amatha kuzichotsa n'kuona zotsala. Woweruza ndi munthu, ndipo amafunsa chimodzi, kodi pali ganizo la wina lomwe walitenga osatchula mwini? Wina amakhala ndi 10 peresenti koma yonseyo ndi ndime imodzi yokopera mpaka ma comma, ameneyo ndiye wabera.

Ndiye tsegula lipotilo, usangoyang'ana nambala n'kugwira mutu. Nthawi zambiri matenda amakhala mu chapter 2, literature review, pomwe mumangolumikiza ndime za anthu usiku wa deadline. Paliponse popakidwa utoto bwerera ku gwero lake, werenga mpaka umvetse, tseka bukulo, lemba ngati ukufotokozera msodzi wa kwa Chimwala chifukwa chake khoka la maso ang'onoang'ono limatha chambo, kenako ika dzina la wolemba ndi chaka. Kusintha mawu awiri atatu chiganizo chili chomwecho ndi kukoperabe, ndipo supervisor amene wakhala akuwerenga Chingerezi chako amazindikira msanga chikasintha mwadzidzidzi.

Inu bambo, pepani koma apa mukumuponya mwana m'dzenje. Wotsitsa peresentiyo adya ndalama yanu n'kupita, pa defence mwana wanu adzakhala yekha pamaso pa ma lecturer akumufunsa kuti mfundo iyi ikutanthauza chani iye n'kukhala kakasi. Kukopera kukatsimikizika nkhani imatha kufika ku komiti ya chilango, kumeneko sakamba za graduation, amakamba zolephera kapena kuimitsidwa. Fizi ya zaka zonsezi mufuna ithere pamenepo chifukwa cha chithunzi cha gauni?

Mphwanga, ndisakunamize, ngati chapter yonse ndi yokopera mwina graduation ino uiphonyadi, ndipo palibe amene angakukonzere usiku umodzi. Koma poti supervisor wakubwezera m'malo mokakunenera, ndiye kuti wakupatsa mpata. Pita ku ofesi kwake ndi lipotilo, ufunse malire omwe dipatimenti yanu imalola poti amasiyana sukulu ndi sukulu, mugwirizane tsiku loperekanso, uyambe ndime yoyamba usiku uno.