Bambo akuti asadzawaike pamakina: kodi achimwene akunena zoona?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville. Ndaifupikitsa, ndipo ndachotsamo zonse zomwe zingawazindikiritse. Akuti bambo awo, a zaka zoposa 80, anabwera kuno ku Joni kudzalandira chithandizo cha mtima ndi impso, ndipo akukhala pakhomo pawo. Masiku apitawa madalawa anaitanitsa ana awo n'kuwauza kuti zikadzavuta asadzawaike pamakina opumira, ndipo ngati n'kotheka akafere kwawo ku Ntcheu. Mlongo wawo wa mayiwa, yemwe ntchito yake ya mulesitilanti inatha nthawi ya m'bindikiro wa Covid-19, atamva izi anati: "Mwamva? Ndi zomwe ndinkanena ine mu 2020. Boma linatigoneka ndi njala pofuna kuteteza nkhalamba zomwe nazonso sizinkafuna kutetezedwa." Tsono mayiwa akufunsa: "Kodi achimwene akunena zoona? Nanga ine ndikavomera zomwe bambo akufuna, ndiye kuti ndawapha ndine?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Mwafunsa mafunso awiri, ndipo ndikuona kuti chomwe chikukusowetsani tulo n'chakuti achimwene awamanga pamodzi. Ndiyamba ndi pomwe achimwene anu akulondola, chifukwa pali zambiri.

M'bindikiro wa kuno unayamba pa 27 Marichi 2020, Pulezidenti Cyril Ramaphosa atalengeza kuti ukhala wa masiku 21. Masiku aja asanathe anawonjezera, kenako panabwera magawo aja oyambira 5 kutsika mpaka 1, ndipo lamulo la ngozi yogwera dziko linadzachotsedwa mu Epulo 2022. Bungwe la Stats SA linapeza kuti pakati pa Epulo ndi Juni 2020 ntchito pafupifupi 2.2 miliyoni zinatha. Ife Amalawi tinali kutsogolo kwa mzere umenewo, chifukwa ntchito zathu ndi zomwe zinayamba kutsekedwa: za m'nyumba, za m'magadeni, za m'malesitilanti, zomangamanga, zosoka, zokonza tsitsi. Mabwana ambiri anangotumiza uthenga pafoni kuti "usabwere kaye," osanena za malipiro. Boma litakhazikitsa thandizo la R350 pamwezi, ambiri a ife silinatikhudze. Ngakhale khoti litalamula mu Juni 2020 kuti ofunsira malo othawirako ndi a ziphaso zapadera alandire nawo, Mmalawi wa pasipoti wamba anatsalabe panja. Mwininyumba ankafuna renti yake. Kumudzi ankadikira ndalama ya feteleza ndi ya fizi. Amene anakhalako m'kachipinda ka kuseri, anthu asanu, ufa utatsala pansi pa thumba, sangamve munthu akuti m'bindikiro unali nkhani yongokhala pakhomo n'kumaonera TV.

Panalinso zinthu zomwe mpaka lero sindiona nzeru yake. Kuletsa kugulitsa fodya mpaka Ogasiti kunangolemeretsa amalonda a mobisa. Kuletsa zakudya zophikaphika m'masitolo, ndi kulemba mndandanda wa zovala zololedwa kugula, sikunachiritse munthu. Ndipo ku Alexandra, mu Epulo 2020, Collins Khosa anamwalira atamenyedwa ndi asilikali pakhomo pake. Kwathu nako anthu anakana. Boma la Peter Mutharika litalengeza m'bindikiro woti uyambe pa 18 Epulo 2020, mavenda anakwiya, bungwe la HRDC linapita ku khoti, ndipo Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Funso la anthu linali lomveka: titseka zitseko, nanga tidya chiyani? Choncho achimwene anu akamalankhula mowawidwa mtima, musawatseke pakamwa. Anataya ntchito, ndipo palibe anawapepesa.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali inanso, ndipo nayo ndi yolemera. Chiwerengero cha boma chimati Covid-19 inapha anthu oposa 100,000 mu South Africa. Bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la SAMRC, lomwe limawerenga imfa zoposa zomwe zimayembekezeka pachaka, linapeza pafupifupi 300,000. N'zoona kuti ukalamba ndiwo unkaika munthu pachiopsezo chachikulu. Koma a shuga, a BP, a zaka 40 ndi 50 omwe ankadyetsa mabanja nawonso anapita ambiri. Kwathu, pa 12 Januwale 2021, nduna ziwiri za boma, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Amene munali kuno ku Gauteng mu Juni ndi Julayi 2021 mukukumbukira momwe mabedi ndi mpweya wa okosijeni zinasowera. Chipatala chikadzaza, wovutika si wa Covid yekha. Mayi woyembekezera, mwana wa chifuwa, mnyamata wogundidwa ndi takisi, onse amadikira pakhomo lomwelo.

Maganizo anga ndi awa. Masabata oyamba aja anali ndi chifukwa chomveka, popeza matenda anali achilendo ndipo madokotala analibe chogwira. Pofika Juni 2020 kafukufuku wa ku Britain anasonyeza kuti mankhwala otchipa a dexamethasone amachepetsa imfa pakati pa odwala kwambiri, zipatala zinaphunzira kugwiritsa ntchito okosijeni wamphamvu asanathamangire makina, ndipo mu Meyi 2021 katemera anayamba kufika kwa a zaka 60 kupita m'mwamba. Munthu wodwala mochedwa anali ndi mwayi woposa wodwala koyambirira. Chomwe ndimadana nacho n'chakuti mtolo wake unasenzetsedwa osauka, ndipo alendo ngati ife anatiiwaliratu pogawa thandizo. Mlandu umenewo ndi wa omwe ankapanga malamulo. Si wa bambo anu.

Ndipo okalamba omwe akuti ankatetezedwawo, anapeza chiyani? Ambiri anafa okha. Zipatala zinaletsa ozonda odwala, moti kutsanzikana kunali pafoni ya namwino, ataigwirizira pafupi ndi khutu la wodwala, ana akulankhula mosinthana, osadziwa ngati akumvedwa. Pamaliro ankalola anthu 50, kugona pasiwa kunaletsedwa, bokosi linkabwera litakulungidwa m'mapulasitiki, osaona nkhope. Ife a kuno tinaonera maliro a makolo athu pa WhatsApp, chithunzi chikudukaduka, malire atatsekedwa. Pa zonsezi palibe anafunsa nkhalamba kuti inu mukufuna chiyani. Ena akanasankha kutsekeredwa kuti akhale ndi moyo. Ena akanasankha kugwira dzanja la mdzukulu ngakhale pali chiopsezo. Ofuna m'bindikiro anawasankhira, odana ndi m'bindikiro nawonso anawasankhira.

Apa ndi pomwe achimwene anu aphonya. Munthu wa zaka 40 akanena kuti okalamba anadya kale moyo wawo, asiyeni apite, akugamula za moyo wa wina pofuna kupulumutsa thumba lake. Bambo anu akanena kuti musadzandiike pamakina, akulankhula za thupi lawo, matenda awo, ndi imfa yawo. Bambowa sananene kuti moyo wa nkhalamba ndi wotchipa. Sananene kuti mu 2020 akanakonda kufa ndi Covid ali ndi mphamvu zolima. Akunena za lero, mtima utatopa, impso zitafooka. Kutenga mawu awo n'kuwasandutsa umboni pa mkangano wa ndale ndi kuwalakwira, ndipo ndikhulupirira kuti achimwene ataganiza mofatsa adzaona okha.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe ndi lalikulu. Ayi, Mayi, kulemekeza zofuna za bambo si kuwapha. Kuno ku South Africa kupereka mankhwala ndi cholinga chothetsa moyo wa wodwala n'koletsedwa. Mu 2015 khoti la ku Pretoria linaloleza loya wina wodwala khansa, Robin Stransham-Ford, kuti dokotala amuthandize kufa, koma mwiniwakeyo anamwalira chigamulo chisanaperekedwe, ndipo mu 2016 khoti la apilo linachifafaniza. Malemu Desmond Tutu analankhulapo poyera kuti odwala kayakaya apatsidwe ufulu umenewu, koma lamulo silinasinthe. Zomwe bambo anu akupempha si zimenezo. Iwo akukana chithandizo china, ndipo lamulo la zaumoyo la National Health Act la 2003 limapatsa wodwala wa nzeru zake ufulu wokana, atafotokozeredwa zotsatira zake. Ngati muli a Katolika, mpingo umaphunzitsanso kuti kuleka chithandizo cholemetsa chomwe sichingabweze moyo n'kosiyana ndi kupha. A mipingo ina ndi Asilamu, kambiranani ndi abusa kapena ashehe anu, makamaka bambo akadali ndi mphamvu zolankhula okha.

Musanavomere, pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani muchite. Khalani nawo awiriwiri, achimwene kulibe, n'kuwafunsa chifukwa chake. Makolo athu ali ndi chizolowezi chobisa nkhawa ya ndalama m'mawu a chikhulupiriro. Amamva ana akunong'onezana za mabilu kukhitchini, amaona mpongozi akubwera kuntchito atatopa, ndiye amati "ine ndakonzeka, Ambuye anditenge," pomwe mumtima akuti "ndakulemetsani." Ndipo ngati anamva mawu a achimwene aja, mwina awalowa. Ngati chifukwa chake n'chimenecho, ntchito yanu ndi kuwatsimikizira kuti si mtolo. Okalamba amadwalanso matenda a nkhawa, ndipo amachizika, choncho muuzeni dokotala ngati asiya kudya, kugona kapena kucheza. Koma ngati mwawafunsa kangapo, masiku osiyana, ndipo yankho silikusintha, amvereni.

Kenako pitani nawo kwa dokotala wawo, mufunse mosapita m'mbali. Mawu oti "makina" amabisa zinthu zingapo zosiyana. Okosijeni wa m'mphuno ndi chinthu chopepuka, ndipo ambiri okana makina amamulandira. Makina opumira enieni ndi aja olowetsa paipi pakhosi, munthu atagonekedwa ndi mankhwala, osatha kulankhula, ndipo wokalamba wa mtima ndi impso zofooka nthawi zambiri sachokapo. Kudzutsa mtima ukaima kumafuna kukanikiza chifuwa mwamphamvu, moti nthiti za okalamba zimathyoka, ndipo opulumuka pa msinkhu umenewu ndi ochepa. Kusefa magazi kwa a impso ndi ulendo wa ku chipatala katatu pasabata, maola angapo ulendo uliwonse. Bambo angavomere china n'kukana china. Angathenso kunena kuti yesani kwa masiku angapo, zikakanika musiye.

Zomwe asankhazo zilembedwe, asayinire, pakhale mboni, ndipo kope lina likhale m'fayilo yawo kuchipatala. Alembenso dzina la munthu yemwe adzawalankhulire akadzalephera kulankhula. Lamulo la zaumoyo lija limalola kusankha munthu wotere, ndipo popanda kalata yotere madokotala amatsata mndandanda wa m'lamulo, kuyambira kwa mkazi kapena mwamuna wa wodwalayo. Kumudzi nako kudziwe. Imbirani amalume kapena mwinimbumba, bambo alankhule okha pafoni. Mukapanda kutero, tsiku la maliro padzapezeka wina wonena kuti ana a ku Joni anaumira ndalama n'kuwasiya bambo awo afe, ndipo mawu otero amagawa banja kwa zaka.

Kukana makina sikutanthauza kusiya chisamaliro. Pali anamwino ndi madokotala omwe ntchito yawo ndi kuchepetsa ululu, befu ndi mantha kwa odwala matenda osachizika. Kuno kuli HospiceWits, yomwe imayenderanso odwala m'makomo, ndipo kuchipatala mungapemphe kalata yokutumizani ku chisamaliro chotere. Kwathu kuli Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Ndi Moyo ku Salima, ndipo mankhwala a morphine wakumwa amapezeka m'zipatala zambiri za boma. Wachibale wa ku Ntcheu apite pa chipatala cha boma akafunse zomwe zilipo bambo asananyamuke.

Za ulendo wa kumudzi, vuto lalikulu ndi nthawi. Mabanja ambiri amadikira mpaka wodwala atafookeratu, kenako n'kupeza kuti sangathenso kukhala m'basi masiku awiri kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo a ndege akufuna kalata ya dokotala yomwe dokotala sangalembe. Ngati Ntcheu ndi yomwe ili pamtima pawo, apite akadali okhoza kukhala pakhonde n'kulandira alendo. Koma auzidwe zoona zake: kumeneko chithandizo cha impso ndi mtima chomwe akupeza kuno chidzachepa, ndipo mwina masiku awo adzafupika. Atenge kalata yofotokoza matenda awo ndi mankhwala okwanira miyezi yoyamba, ndipo mugwirizane msanga kuti adzawasamale ndani, chifukwa nthawi zambiri ntchito imeneyi imagwera mkazi mmodzi wa pamudzi yemwe palibe anamufunsa.

Achimwene anu musawasiye kunja kwa zonsezi. Auzeni kuti zomwe zinawachitikira mu 2020 mukuzidziwa ndipo sizinali zachilungamo, koma nkhani ya m'bindikiro isalowenso m'chipinda cha bambo. Tsiku lokaonana ndi dokotala muwatenge, akhale pafupi ndi bambo, ndipo ngati pakufunika womasulira Chingerezi, amasulire iwowo.