Kodi a ku Britain saopa mabomba?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo. Mwana wake akupita kukaphunzira ku London, ndipo anzake a mayiyu amuuza kuti zigawenga zikaphulitsa bomba kumeneko anthu amangomwa tiyi, m'mawa mwake n'kulawirira kuntchito, pamene a ku America amakwiya mpaka kuyambitsa nkhondo. "Kodi ndi zoona," akufunsa, "kapena ndi nkhambakamwa chabe?"

Mayi, zoona zilimo ndithu, koma anzanuwo akuuzani mbali imodzi.

Pa 7 July 2005 anyamata anayi anadziphulitsa m'sitima zitatu zapansi panthaka ndi m'basi imodzi ku London, n'kupha anthu 52. Madzulo ake anthu anayenda wapansi kubwerera kwawo, ndipo tsiku lotsatira sitima zambiri zinayambanso kuyenda. Ku Boston, ku America, mu April 2013, mabomba atapha anthu atatu pa mpikisano wothamanga, boma linauza mzinda wonse kuti ukhale m'nyumba pafupifupi tsiku lathunthu, mabasi ndi sitima zitaima, apolisi akusakasaka mnyamata mmodzi. Kusiyana kwake kukuoneka poyera.

Chifukwa chake, mmene ndikuonera ine, n'kuzolowera. A ku Britain anakhala zaka pafupifupi 30 ndi mabomba a gulu la IRA, lomwe linkafuna kuti Northern Ireland ichoke m'manja mwa Britain. Mu October 1984 bomba linaphulika mu Grand Hotel ku Brighton, mmene nduna yaikulu Margaret Thatcher ankagona. Anthu asanu anafa. Mayiyo anapulumuka, ndipo m'mawa womwewo anatsegula msonkhano wa chipani chake pa nthawi imene anapangana kale. Mwana wanu akadzaima pa siteshoni yaikulu ya sitima, adzaona kuti zinyalala amaponya m'mapepala apulasitiki oonekera mkati, olendewera pa kachitsulo. Mabini achitsulo anawachotsa bomba litaphulika mu bini pa siteshoni ya Victoria mu 1991. Munthu wokulira pakati pa zotere sadzidzimuka ngati mlendo.

A ku America anali asanazolowere. Nyanja ziwiri zikuluzikulu zinkawatchinjiriza, ndipo nkhondo ankaimvera kutali. Komanso tisamayerekeze mbuzi ndi njovu: pa 11 September 2001 anafa anthu pafupifupi 3,000 m'mawa umodzi, dziko lonse likuonerera pa TV. London sanaonepo zauchigawenga zazikulu chotero. Ndiye mu October chaka chomwecho asilikali a America anali atayamba kale kuphulitsa Afghanistan, ndipo nyumba ya malamulo inavomereza Patriot Act, lamulo lopatsa boma mphamvu zambiri zofufuza anthu. Mu January 2002 akaidi oyamba anafika ku Guantanamo, ndende ya asilikali a America ku Cuba.

Koma apa ndi pamene ndikusiyana ndi anzanu aja. Paja pamaliro amene salira mokweza sikuti mtima wake suwawa, ndipo kufatsa kwa a ku Britain n'kwa pankhope, boma lawo silifatsa. Patangotha masabata awiri chichitikireni za 7 July, apolisi anawombera Jean Charles de Menezes m'sitima pa siteshoni ya Stockwell, zipolopolo zisanu ndi ziwiri m'mutu. Anali wokonza magetsi wa ku Brazil, wosalakwa chilichonse, akupita kuntchito. Chaka chomwecho nduna yaikulu Tony Blair anafuna kuti oganiziridwa azisungidwa m'chitokosi masiku 90 osawatsegulira mlandu. Aphungu anakana, koma anavomera masiku 28. Tikabwerera m'mbuyo, amuna asanu ndi mmodzi anamangidwa chifukwa cha mabomba a ku Birmingham a mu 1974, n'kudzatuluka mu 1991 khoti litaona kuti umboni wake unali wabodza. Ndipo ku Afghanistan ndi ku Iraq, asilikali a Britain anapita limodzi ndi a America.

Mbiri yakuti "ife sitigwedezeka" amaikonda eni ake, ndipo amaithirira ngati dimba. Mu June 2017 zigawenga zitapha anthu asanu ndi atatu ku London Bridge, chimene chinafala kwambiri pa intaneti chinali chithunzi cha bambo wina akuthawa pamodzi ndi anzake, tambula ya mowa ili m'manja, osatayako. Anthu anaseka, akuti mowa wa ku London ndi wodula moti sungausiye ngakhale zivute bwanji. Nanenso ndinaseka, ndisaname. Koma pachithunzipo bamboyo akuthawa, monga wina aliyense.

Mwana wanuyo apite, mayi. Mungomuuza kuti asasiye chikwama chake chokha pa siteshoni, ngakhale kwa mphindi ziwiri zokagula madzi, chifukwa akhoza kubwerera n'kupeza apolisi atatseka pulatifomu yonse.