Penti ikusendeka miyezi itatu isanakwane, ndigule ya kampani iti?

Sabata yathayi ndalandira email kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti pulasitala wa nyumba yawo anatha kumapeto kwa November, ndiye poti amafuna Khrisimasi akadyere m'nyumba yatsopano anangopentetsa pompo. Pano penti yatupa matuza, ikusendeka makamaka mmunsi mwa khoma ndipo pakutuluka tiufa toyera. Akufunsa kuti agule penti ya kampani iti yoti isadzasendekenso, komanso kachipinda kakutsogolo akufuna atsegulemo saluni, apakemo penti yanji.

Mayi, pepani kwambiri, ndikudziwa mmene zimawawira poti bigili ya penti masiku ano si ndalama yamasewera. Koma vuto lanu si kampani ayi. Olo mutagula yodula bwanji, mukaipaka pakhoma limenelo mmene lililimu idzasendekanso basi, chifukwa khomalo linapentedwa lisanaume.

Pulasitala watsopano amafuna masiku osachepera 28 kuti simenti ikhwime komanso madzi atuluke, ndiye inu munapenta mu December mvula ili mkati, mpweya uli wachinyontho, apo pamafunika kudikira kuposa pamenepo. Kunja khoma limaoneka louma bwinobwino koma mkati madzi ali tho. Simenti yatsopano imakhalanso ndi ukali wake umene umadya penti, makamaka ya mafuta. Tiufa toyerato ndi mchere wa mu njerwa, mchenga ndi simenti, madzi amausungunula nkubwera nawo pamwamba, akauma mcherewo umatsalira kuseri kwa penti nkumaikankha mpaka kumatuka.

Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri ndi choti zikuchitika mmunsi. Afunseni amisiri anu ngati anayala DPC, pulasitiki wakuda uja amayala pamwamba pa faundeshoni asanayambe kukweza njerwa. Ngati sanayale kapena unang'ambika, khoma limamwa madzi apansi ngati mmene chingwe cha nyali chimakokera parafini, ndipo zimenezo penti singathetse. Zungulirani nyumba yonse mvula ikamagwa muone komwe madzi a padenga akugwera. Nyumba zambiri zomwe ndaitanidwako ndimapeza palibe khonde la simenti kapena ngalande, madzi akudikha mphepete mwa khoma, pena mayi adzala maluwa dothi mpaka kugunda pulasitala ndipo amathirira mmawa uliwonse.

Yesani izi lero lomwe. Dulani pepala la pulasitiki loyera lalikulu ngati foni yam'manja ziwiri zitatu, limateni pakhoma ndi selotepi mbali zonse zinayi mpweya usalowe, lisiyeni tsiku lathunthu. Mukamatula nkupeza timadontho kumbali yomwe inagunda khoma kapena pulasitala wada pamenepo, dziwani kuti khoma likadali lonyowa, musagule kaye penti.

Ine ndikanakhala inu ndikanapirira mpaka mvula ithe, nkudzapenta cha mu July kapena August. Palani penti yonse yofooka ndi sikirepa, mcherewo muuchotse ndi bulashi yolimba youma, osatsuka ndi madzi chifukwa mungoubwezera mkati. Dikirani sabata ziwiri muone ngati ukutulukanso. Ukasiya, tsekani ming'alu ndi fila, kwechani ndi sandipepa, pukutani fumbi lonse, kenako pakani plaster primer. Primer imeneyi anthu ambiri amaidumpha ati kupulumutsa ndalama, chonsecho ndi imene imagwira pulasitala nkutchinga ukali wa simenti uja. Ikauma ndiye mupake makoti awiri a PVA, penti ya madzi ija, yakunja ikhale yolembedwa kuti ndi yakunja, ndipo koti yachiwiri idikire maola omwe alembedwa pachitini.

Tsiku lopenta mudzakhalepo nokha. Ndinaonapo ndi maso angawa wopenta wina atatenga bigili ya malita 20 nkuigawa pawiri, nkudzadzitsa madzi konsekonse kuti ikwane nyumba yonse. Tsiku loyamba zinkaoneka bho, koma patatha mwezi mwana akangotsamira khoma yunifolomu yonse mbuu. Madzi amathira pang'ono chabe, pa koti yoyamba, mwina lita imodzi pa malita 10, ndipo mulingo weniweni umalembedwa pachitini pomwepo. Kuti musapusitsidwe werengerani nokha, lita imodzi imapenta masikweya mita pafupifupi 8 pakhoma losalala koti imodzi. Chipinda cha mamita 3 kwa 4, chotalika mamita 2.7, makoma ake ndi masikweya mita 38, makoti awiri ndi 76, ndiye mukufunika malita pafupifupi 10. Wina akakuuzani kuti malita 5 akwana, madzi ndi amene akwaniritsewo. Pulasitala wokhakhala amamwa yambiri kuposa apa.

Za saluni tsopano. Mmenemo muzikhala mafuta a tsitsi, dayi, nthunzi ndi mitu ya makasitomala yotsamira khoma, PVA wamba sachedwa kuda ndipo mukapukuta ndi kansalu konyowa amachoka. Gulani penti ya madzi yotsukika, ija yowala pang'ono amati sheen. Ngati thumba lavuta, chitani mmene amachitira mzipatala ndi m'masukulu, mmunsi mita imodzi ndi theka gloss (penti ya mafuta yowala ija) pamwamba pa undercoat (penti yoyalira pansi pake), kumtunda PVA. Koma gloss ndiye safuna chinyontho ngakhale pang'ono chifukwa amatseka khoma lisapume, ndiye yambani mwayesa ndi pulasitiki uja. Pa sinki potsukira tsitsi ikanipo matailosi basi.

Mafelemu a mawindo ndi mabagilabazi kwechani dzimbiri lonse, pakani red oxide, penti yoteteza chitsulo ku dzimbiri, kenako undercoat ndi gloss. Posungunula gloss gwiritsani ntchito turpentine kapena thina yomwe yalembedwa pachitini, osati petulo kapena parafini, mawindo akhale otsegula. Ndipo poti pakhomo pali ana, pogula gloss onetsetsani kuti chitini chalembedwa kuti mulibe lead, chifukwa mtovu umenewu umawononga ubongo wa mwana.

Mukayesa pulasitiki uja munditumizire chithunzi chake pamodzi ndi cha kunja kwa khomalo mmunsi, ndione ngati nkhani ili pa DPC kapena ndi madzi a padenga chabe.