Za NI yomwe akukudula pa payslip ija

Eee mng'ono wanga, funso lako lija ndaliona pa gulupu, pepa ndachedwa kuyankha ndinali pa night shift. Ukuti pa payslip yako yoyamba adula tax kenako adulanso ina yolembedwa NI, ndiye ukufunsa ngati abwanawo akukubera komanso ngati ungadzaitenge tsiku lobwerera kumudzi. Ayi sakukubera, imeneyo ndi National Insurance, tonse ogwira ntchito kuno ku UK timadulidwa, 8 peresenti ya ndalama zomwe zapitirira mapaundi 242 pa sabata, abwana nawonso amaperekako yawo pamwamba.

Zinayamba kale izi, mu 1911. Nthawi imeneyo kuno kunali umphawi woopsa, munthu wa mufakitale akangodwala basi malipiro aima, lendi yavuta, ana agona ndi njala, mapeto ake ku workhouse, nyumba zosungira amphawi komwe mwamuna ankagona kwina mkazi kwina ana kwina, tangoganiza. Ndiye nduna ya zachuma David Lloyd George anapita ku Germany mu 1908 kukaona inshuwalansi ya antchito yomwe Bismarck, mtsogoleri wakale wa boma la dzikolo, anali atayambitsa kumeneko, pobwera nkukhazikitsa zoti bambo wantchito azipereka ma pence 4 pa sabata, bwana 3, boma 2, kuti ukadwala uzilandirako kangachepe komanso uonane ndi dokotala. Ankamata masitampa pa khadi sabata iliyonse, agogo ena omwe ndimawasambitsa m'mawa mpaka lero samati NI, amangoti sitampa, ndipo amanena monyadira ndithu kuti sanadumphitseko. Nkhondo yachiwiri ili mkati, mu 1942, katswiri wa zachuma William Beveridge analemba lipoti loti zimenezi zifikire aliyense, ndiye pa 5 July 1948 zinayambadi, tsiku lomwelo lomwe NHS, chithandizo cha zaumoyo cha boma kuno, inatsegulidwa.

Koma apa mvetsetsa, si akaunti yako ayi, palibe bokosi lolembedwa dzina lako lomwe akusungamo. Zili ngati momwe timasonkhera pa maliro kwathu kuja, lero wapereka ufa ndi nkhuni kwa anzako, mawa zikakugwera anthu abwera. Ndalama yomwe akudula mwezi uno ikulipira penshoni ya agogo omwe ukuwasamalawo, yako adzalipira ana omwe ali kusukulu panopa. Ndiye zoti udzaitenge yonse pokwera ndege iwalako, sabweza.

Chomwe amawerenga ndi zaka. Ukakwanitsa zaka 10 ukupereka ndiye kuti penshoni ya boma udzalandirako, kuti ikhale yathunthu pamafunika 35, ndipo msinkhu wolandirira unali 66 koma akukwezera ku 67. Ngakhale utabwerera ku Malawi amakutumizira, chomwe chimandiwawa ine nchoti ukakhala kwathu siikwera chaka ndi chaka ngati ya omwe atsala kuno, imangoima pomwe inayambira.

Nchifukwa chake ndikukupempha chonde, zolandira ndalama pamanja popanda payslip usavomere olo zioneke zambiri bwanji. Ine zaka ziwiri zoyambirira ndinagwira choncho kwa bwana wina, nditakayang'ana record yanga ya NI pa intaneti ndinapeza zaka zimenezo zili mbee, ndinalira.

Nambala yako ya NI ija usamangopatsa aliyense. Tandijambulire payslip-yo ku inbox osati pa gulupu, ndione ngati tax code, kanambala kouza abwana msonkho woti akudule, ili bwino, ndikadzuka masana ndikuimbira.