Gulani asanu oyamba okha, enawo mudzaona pambuyo

Achemwali, funso lanu ndaliona, ndipo ndati ndiyankhe pagulu pompano chifukwa mwina alipo ena amene ali ndi funso lomweli chamumtima. Mwati kagulu kanu ka amayi owerenga mabuku ku Mpondasi kasonkha kandalama, ndipo mukufuna mabuku a nkhani yotsatizana momwe muli chikondi komanso kufufuza milandu. Wina wakutchulirani mabuku a Mma Ramotswe, mayi wofufuza milandu wa ku Botswana, koma pa intaneti mwapeza owerenga akuwapatsa nyenyezi zochuluka pomwe ena mwa akatswiri ounika mabuku akuwanyogodola. Ndiye mukufunsa kuti mumvere ndani.

Ine ndikuti gulani, koma asanu oyamba okha. Mabukuwa tsopano anapitirira 20, ndipo palibe chifukwa chothamangira onse ndi ndalama yosonkherana.

Wolemba wake ndi Alexander McCall Smith, mzungu wa ku Scotland amene anabadwira ku Bulawayo mu 1948, ndipo anaphunzitsapo zamalamulo pa yunivesite ya ku Botswana. Buku loyamba, The No. 1 Ladies' Detective Agency, linatuluka mu 1998. Kenaka kunabwera Tears of the Giraffe mu 2000, Morality for Beautiful Girls mu 2001, The Kalahari Typing School for Men mu 2002, ndi The Full Cupboard of Life mu 2003. Ndawatchula mwandondomeko dala, chifukwa mukadumphadumpha mbali ya chikondiyo siikoma. Mlandu uliwonse umatha m'buku lake lomwelo, koma nkhani ya Mma Ramotswe ndi bambo J.L.B. Matekoni, mwini garaja ya pa msewu wa Tlokweng ku Gaborone, imayambira buku loyamba n'kukafika pachimake m'buku lachisanu. Apo ndi pabwino kupumirapo, mukhale pansi ngati gulu, mufunsane ngati mukufuna kupitiriza.

Tsono za akatswiriwo. Madandaulo awo ndimawagawa pawiri, ndipo salemera mofanana.

Dandaulo loyamba ndi lakalekale, silinayambire pa mabuku awa. Mu 1928 mlembi wina wa ku America, S.S. Van Dine, analemba malamulo 20 a kalembedwe ka nkhani zofufuza milandu, ndipo limodzi mwa malamulowo linkaletseratu za chikondi. Maganizo ake anali akuti ntchito ya nkhani yotere ndi kugwira chigawenga, osati kufikitsa anthu kuguwa. Patangopita zaka ziwiri, mayi wina wa ku England, Dorothy L. Sayers, analiphwanya lamulolo poyera. Wofufuza milandu wake anagwa m'chikondi ndi mkazi amene ankazengedwa mlandu wopha chibwenzi chake ndi chiphe, n'kumufunsira ali m'ndende momwemo. Mkaziyo anakana, n'kumakanabe mpaka buku la mu 1935. Akatswiri ena anakwiya nazo, makamaka Q.D. Leavis amene anamulembera Sayers zowawa m'magazini ya Scrutiny mu 1937, koma owerenga anapitiriza kugula, ndipo mabukuwo akusindikizidwabe mpaka lero. Choncho mukaona wina akunena kuti chikondi chimasukulutsa nkhani yofufuza mlandu, dziwani kuti akubwereza nyimbo imene owerenga anaikana agogo athu asanabadwe. Limenelo musataye nalo tulo.

Dandaulo lachiwiri ndi lomwe ndikufuna mulimvetsere, chifukwa lili ndi mano. Akatswiri ena amati Botswana wa m'mabukuwa ndi wotsekemera mopyola, wolembedwera azungu a ku Ulaya ndi ku America amene akufuna Afirika wa anthu aulemu, omwa tiyi pakhonde, osakwiya kwenikweni. Amafunsanso ngati mwamuna wachizungu angalowe bwino m'maganizo a mayi wa Chitswana. Ndipo amatchula za Edzi. Zaka zimene mabuku oyambawa ankatuluka, Botswana anali m'gulu la mayiko amene anakhudzidwa koopsa ndi matendawa padziko lonse, koma m'mabukumo matendawa amangowazungulira, kuwatchula monong'ona. Mchimwene wake wa Mma Makutsi, mlembi wa mu ofesi ya Mma Ramotswe, amadwala ali m'kachipinda ka mlongo wakeyo, owerenga tonse n'kumadziwa chomwe chikumudya, koma dzina lake osalimva.

Apa ine ndimagwirizana nawo theka. N'zoona kuti mkwiyo mulibe m'mabukuwa, ndale zimangodutsa patali, ndipo mavuto ambiri amatha ndi kukambirana komanso kukhululukirana, mwina mosavuta kuposa mmene moyo umakhalira. Koma za kusatchula matenda zija, tadzifunsani nokha: zaka zimenezo kuno ku Mangochi pamaliro tinkalitchula dzinalo? Si uja tinkangoti anadwala nthawi yaitali? Katswiri wokhala ku London amaona ngati wolembayo wachita mantha. Mayi amene anasamalirapo mlongo wake m'nyumba ya lendi angathe kuona kuti kunong'onako ndi momwe zinthu zinkakhaliradi. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo mkangano umenewu ndi womwe ungakometse tsiku lanu lokumana kuposa kungofunsana kuti buku lakoma kapena ayi.

Komanso amene amati mabukuwa ndi shuga yekhayekha ndimakayika ngati anawerenga loyambalo mofatsa. Mma Ramotswe anakwatiwapo ndi woimba lipenga wina amene ankamumenya, ndipo mwana wake yekhayo anamwalira ali wakhanda. Ofesi yake anaitsegula ndi ndalama zogulitsa ng'ombe zimene anamusiyira bambo ake, a Obed Ramotswe, omwe anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni n'kubwerako mapapo atawonongeka ndi fumbi. Muli mutu wathunthu momwe mkuluyu amafotokoza yekha za moyo wa pansi pa nthaka. Mutu umenewo muuwerenge mokweza pagulu. Kuno palibe mudzi umene ulibe mbiri ya Wenela kapena Theba, ndipo akuluakulu akukumbukirabe ndege ija inagwa ku Francistown, m'dziko lomwelo la Botswana, mu 1974, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi ochokera kumigodi, mpaka Kamuzu kuimitsa kulemba anthu ntchitoyo. Muona kuti amayi ena amene amakhala chete m'gulu adzayamba kusimba za agogo awo. Mulinso mlandu wa mwana wobedwa chifukwa cha zizimba, ndipo kwa ife amene taona zomwe abale athu achialubino akumana nazo m'zaka zapitazi, umenewo si mutu wowerenga uku ukuseka.

Milandu inayo ndi ya pakhomo, yoti aliyense aizindikira. Mkulu wina amangofika kwa mayi wolemera pang'ono n'kunena kuti ndine bambo ako amene ndinasowa kalekale, n'kukhala pampando kumadikira chakudya, ndipo njira imene Mma Ramotswe amamugwirira bodza lake mudzaseka nayo. Mwamuna wina amasowa atapita ku ubatizo wa kumtsinje. Sindiulula, koma ife a m'mbali mwa Shire sitingachedwe kuganiza chomwe chinachitika, mwina tingamupose wofufuzayo.

Kunena za nyenyezi za owerenga zija, nazonso musazimeze zonse. Pa Goodreads, tsamba la pa intaneti pamene ambiri amaikapo maganizo awo pa mabuku, pali kachinyengo kamene kamachitika kokha popanda wochita dala. Buku loyamba limawerengedwa ndi aliyense, okonda ndi odana nalo omwe. Amene sanalikonde amasiyira pomwepo. Pofika buku la 12 kapena la 15, otsala ndi okhawo amene anagwa kale m'chikondi ndi anthu a m'nkhanimo, ndiye nyenyezi zimaoneka zokwera ngakhale bukulo litakhala lobwerezabwereza. Zili ngati kulowa mu sitediyamu n'kumafunsa anthu ovala makaka a timu yawo ngati timuyo ili yabwino. Chimene ndimachita ine ndi kudumpha onse a nyenyezi zisanu ndi a nyenyezi imodzi, n'kuwerenga a nyenyezi zitatu. Amenewo ndiwo amanena zonse ziwiri, chomwe chawakomera ndi chomwe chawatopetsa, ndipo bandulo yanu siithera pa anthu ongofuula.

Ndipo chowatopetsa ambiri ndikuuziranitu: nkhani imayenda pang'onopang'ono. Amene anazolowera mafilimu othamangitsana magalimoto, kapena nkhani za pa Facebook zija zimene gawo lililonse limatha wina atagwidwa ali m'chipinda cha mwini, adzayasamula. Masamba ambiri amathera pa kumwa tiyi, kuganizira za mvula ndi ng'ombe, kukonza kagalimoto koyera kokalamba ka Mma Ramotswe. Bambo Matekoni nawonso ndi munthu wozengereza. Amatomera, koma tsiku la ukwati osalitchula. Amakatenga ana awiri amasiye osamufunsa n'komwe mkazi amene akufuna kumanga naye banja, ndipo ndikulonjezani kuti pamenepo gulu lanu lidzagawikana pakati, ena kuti ndi mtima wabwino, ena kuti ndi chipongwe. M'buku lachitatu amadwala matenda a maganizo, kusiya ntchito, kumangodziimba milandu yosaoneka. Mbali imeneyi ndimaiona kuti ndi imodzi mwa zabwino kwambiri, chifukwa sikawirikawiri kuona nkhani ya chikondi ikuonetsa mwamuna wamkulu atafooka choncho, mkazi n'kuyendetsa zinthu popanda kumunyoza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mabukuwa ndi a anthu odekha.

Munatchulanso kuti m'gulu mwanu muli amayi a Mvano ndi ena a Dawa, ndipo mukuopa kubweretsa zinthu zochititsa manyazi. Pamenepo khalani ndi mtima m'malo. Mulibe zolaula, ndipo za kuchipinda sazifotokoza mwatsatanetsatane. Ndi chikondi cha anthu akuluakulu amene anaonapo mavuto, osati cha Mills & Boon chija tinkabisa m'kati mwa kope la Biology ku sekondale. Mungathe kumusiyira mtsikana wa Fomu 3 osadandaula, ndipo Chingelezi chake n'chofewa moti amene anafika Fomu 4 sadzavutika. Mawu a Chitswana ndi ochepa, monga Mma ndi Rra, omwe ndi ulemu wa mayi ndi bambo.

Ngati ambiri m'gulu akufuna zothamanga magazi, pamenepo ndingakutumizeni kwina. Funafunani mabuku a Pacesetters, amene kampani ya Macmillan inayamba kusindikiza mu 1977. Analembedwa ndi alembi a ku Afirika konkuno, ambiri a ku Nigeria, ndipo ndi aafupi, odzaza ndi chikondi, katangale ndi zigawenga. Akatswiri a m'mayunivesite ankawayang'anira pansi kuti ndi mabuku opepuka, pomwe ana asukulu ankalimbirana mpaka chikuto kuthothoka. Vuto lake ndi lakuti si nkhani imodzi yopitirira, pafupifupi buku lililonse lili ndi anthu akeake, komanso masiku ano kuwapeza ndi mwayi. Za Dorothy L. Sayers zija ndi zabwino zedi, koma musayambire pamenepo. Chingelezi chake ndi chakale, chodzaza ndi ndakatulo ndi Chilatini, ndipo theka la gulu lingathawe sabata yachiwiri.

Kapezedwe kake ndi komwe kumavuta kuno kwathu. Musanatulutse ndalama, yambani mwafunsa ku laibulale ya National Library Service, chifukwa mabuku otchuka chonchi nthawi zina amabwera ndi mabuku a chithandizo. Ngati wina akupita ku Cape Maclear kapena ku Monkey Bay, asuzumire m'malo ogona alendo. Ena amakhala ndi shelefu yosinthanitsira mabuku amene alendo asiya, ndipo alendo obwera ku Afirika amakonda kunyamula mabuku amenewa. Ku Blantyre ndi ku Limbe ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu nawonso muwayese, koma mutsegule kumapeto muone ngati masamba omaliza alipo musanalipire, chifukwa buku lofufuza mlandu lopanda masamba omaliza ndi ndalama yotaya. Njira ina yapafupi kwa ife a ku Mangochi ndi abale athu a ku Joni. Atumizireni mayina asanu aja pa WhatsApp, akayang'ane m'mashopu a mabuku ogwiritsidwa kale ntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town, adzapatsire amatransipota pamodzi ndi katundu wina.

Buku loyambalo mupeze makope awiri kapena atatu ngati thumba likulola, kuti nonse muliwerenge nthawi imodzi n'kukambirana likadali m'mutu. Enawo kope limodzi limodzi likwana, muzipatsirana. Akangofika akutireni ndi pulasitiki, mulembe m'kope dzina la wobwereka ndi tsiku, ndipo musawasunge pansi kapena kutsamiritsa kukhoma, chiswe cha kuno sichichedwa. Filimu yake ilipo, inajambulidwa ku Botswana konko n'kuonetsedwa koyamba mu 2008, woimba wa ku America Jill Scott ndiye anasewera ngati Mma Ramotswe, koma muionere mutamaliza buku lachiwiri, chifukwa anasinthamo zina ndi kuwonjezeramo anthu amene m'mabukumo mulibe.