Kwa achemwali amene afunsa za ululu wopola n'kubwereranso

Achemwali mwalemba kuti zaka ziwiri tsopano msana, khosi ndi mutu zikukupwetekani, pena usiku mtima kugunda, kuchipatala anakujambulani ekisile anakuyezani magazi osapeza kanthu, mumapeza bwino mwina mwezi wathunthu mpaka kuyambiranso geni yanu ya kaunjika, kenako zonse zimabwerera ngati simunamwepo mankhwala, ndiye abale ayamba kunena kuti apa pali dzanja la munthu. Ma comment ambiri akukutumizani kwa aneneri, ena ku mizu. Ine ndiyankha mbali ya mitsempha ndi ubongo, chifukwa mayi anga anavutika ndi zofanana ndi zanuzi ndipo chimene chinawathandiza kwambiri ndi kumvetsa zomwe zimachitika m'thupi mwawo.

Choyamba ululu wanuwo ndi weniweni, musalole munthu akuuzeni kuti mukunamizira kapena ndi ulesi. Ekisile imaonetsa makamaka mafupa, singaonetse mmene mitsempha yotumiza mauthenga ikugwirira ntchito. Mukaponda minga uthenga umachoka kuphazi, umadutsa mu msana n'kukafika ku ubongo, ndipo ubongo ndi umene umaweruza kuti apa pali ngozi n'kukumvetsani kuwawa kuti muchotse phazi. Ndiye chifukwa chake munthu wodulidwa mwendo amatha kulira kuti chala chakuphazi chikumupweteka chonsecho mwendowo kulibe. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti uthenga wa ululu ukafika mu msana umatha kukwezedwa kapena kuchepetsedwa usanafike ku ubongo, n'chifukwa chake mukagunda chigongono pachitseko mumasisita n'kumvako bwino. Mu 1983 katswiri wina, Clifford Woolf, anaonetsa kuti pakachitika kuvulala, mitsempha ya mu msanayo imasintha, imayamba kutekeseka msanga ndi tinthu tating'ono. Madokotala amati central sensitisation.

Mukudziwa magalimoto aja alamu yake imalira lole ikangodutsa pafupi, popanda wakuba aliyense wagwira chitseko? Ndi mmene mitsempha imakhalira ululu ukakhalitsa. Mwina poyamba munavulaladi ponyamula belo, malo aja anapola pa miyezi ingapo koma mitsempha inatsala ili tcheru, ndiye kukhala pa benchi nthawi yaitali kapena kugwedezeka pa kabaza kumakwanira kuti ilire. Mayi anga panthawi yovutayo ukangowagwira paphewa ndi zala ziwiri ankadzidzimuka ngati wawatsina, pamalo popanda bala, popanda chotupa. Ululu wopitirira miyezi 3 umawerengedwa kuti ndi wokhalitsa, ndipo m'ndandanda wa matenda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ululu wotere unalembedwa ngati matenda paokha.

Tsopano funso lanu lenileni, bwanji zimapola kenako n'kubwerera? Kutekeseka kwa mitsemphaku sikukhala pamlingo umodzi, kumakwera ndi kutsika malinga ndi zimene thupi likudutsamo. Tili ndi mitsempha ina yomwe imagwira yokha osaiuza, imene imayendetsa mtima, kupuma, matumbo, thukuta. Mbali imodzi imakonzekeretsa thupi kuthawa kapena kulimbana ndi ngozi, mbali ina imalikhazika pansi kuti ligaye chakudya ndi kugona. Mukakhala ndi nkhawa mbali yoyambayo imadzuka, tizigawo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, minofu ya khosi ndi mapewa imakungika, m'mimba mumatentha, tulo timathawa. Ndipo thupi silisiyanitsa kuti ngoziyo ndi njoka kapena ndi tsiku lobweza ngongole ku banki mkhonde, limayankha chimodzimodzi. Kusagona bwino kokha, usiku umodzi kapena uwiri, kumapangitsa munthu kumva ululu msanga kuposa masiku onse, izi anaziyeza ngakhale pa anthu abwinobwino.

Taganizirani sabata ya maliro mmene imakhalira kwathu kuno. Mwakwera minibasi ulendo wautali kupita kumudzi mutapanikizana, mwagona pansi pamkeka m'siwa mukuimba mpaka mbandakucha, mwaphika nsima mumphika waukulu mutawerama, mwalira, mwasonkha ndalama ya mpamba, ndiye ikhale June kapena July kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa. Mukabwerako masiku awiri atatu msana wagwira, anthu amati mwaponda china chake kumudzi. Chimasokoneza n'choti ululu nthawi zambiri subwera tsiku lomwelo, umabwera mawa lake kapena mkuja, pena pamene mavuto atha ndipo mwayamba kupumula, ndiye munthu salumikiza. Kwa ife azimayi masiku oyandikira kumwezi nawonso amawonjezera.

Koma chimene ndikufuna muchimvetsetse kwambiri ndi tsiku labwino, chifukwa ambiri timagwera pamenepa. Mwadzuka thupi lapepuka, mukuti lero ndibweze zonse zinatsalira. Mwachapa mabulangete, mwakolopa nyumba yonse, mwatunga madzi, mwapita kukatsegula belo n'kuima tsiku lonse pamsika. Mawa lake simungathe ngakhale kuvala nsapato. Mwagona sabata yathunthu, minofu yafooka chifukwa chosagwira ntchito, mantha akula, ndipo mukadzukanso ntchito yochepa kuposa ija ikukugwetsani. Zikamazungulira chonchi munthu amaona ngati matenda akukula chonsecho mu msana mulibe chatsopano chawonongeka. Mantha nawo amathira mafuta pamoto, mukamawerama mukuyembekezera kuti pano pandibaya, ubongo umakhala utakonzeka kale kuimva ngoziyo.

Za kuti mankhwala alionse atsopano amagwira poyamba kenako n'kusiya, nazonso zili ndi chifukwa. Munthu amapita kukafuna thandizo pamene zafika poipitsitsa, ndipo matenda okwera ndi kutsika akafika pamwamba amatsika ndithu kaya mwamwa kanthu kaya ayi. Kuwonjezera apo chiyembekezo chimakhazika thupi pansi, ubongo umatulutsa mankhwala akeake ochepetsa ululu otchedwa endorphins, ndiye mpumulo umene mumaumva mukabayitsa jakisoni kapena mukapemphereredwa si wabodza ayi. Ine pemphero sindilinyoza, pempherani. Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona mayi akugulitsa katundu wa geni kulipira uku ndi uku, komanso kuuzidwa kuti wakulodza ndi mlamu wako kapena mnzako wogulitsa naye pafupi. Kuyambira tsiku limenelo mukamuona mtima umagunda, usiku simugona, ndiye mitsempha yotekeseka kale ija mwaipatsa chifukwa china chokhalira tcheru.

Samalaninso ndi mapilitsi ogula pagolosale. Kumwa panado kapena bulufeni masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi ingapo, kumatha kuyambitsa mutu wina wobwera chifukwa cha mankhwala omwewo. Bulufeni, indosidi ndi diclofenac akamwedwa nthawi yaitali amabweretsa zilonda zam'mimba ndipo amawononga impso.

Sindikunena kuti zonse ndi mitsempha basi musiye kuchipatala, ayi ndithu. Mukaona kuti mukuonda osadziwa chifukwa, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kutsokomola kopitirira masabata awiri, magazi m'chimbudzi, mwendo kufooka kapena dzanzi lofika pakati pa miyendo, kulephera kugwira mkodzo, kapena mutu wobwera mwadzidzidzi woopsa umene simunaumvepo, musadikire, thamangani. TB imagwiranso msana. Shuga ndi HIV zimatha kuwononga mitsempha ya kumapazi n'kumamva kutentha kapena kubayabaya. Nyamakazi yotupitsa mfundo, ija munthu amadzuka m'mawa zala zitauma, nayonso imakwera ndi kutsika koma mankhwala ake ndi ena. Ngati shuga, BP, HIV ndi kuchuluka kwa magazi sanakuyezeni posachedwa, pitani ku chipatala cha Mapale kapena cha Central konkuno ku Mzuzu ndi buku lanu lakuchipatala limodzi lomwelo, osamasintha mabuku, kuti wokuonaniyo aone mbiri yonse. Funsani za physiotherapy, chithandizo cholimbitsa thupi ndi mafizo. Funsaninso ngati amitriptyline angakuyenereni, ndi mankhwala amene madokotala amapereka pang'ono usiku pa ululu wa mitsempha, amatenga masabata kuti ayambe kuthandiza, amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, koma asankhe ndi dokotala osati kukagula nokha. Ndipo ngati nkhawa ndi kusagona zakula, ku St John of God konkuno kuli aphungu okamba nawo, kupitako sikutanthauza kuti mwapenga.

Zapakhomo zimene zinawathandiza mayi anga n'zosavuta kunena koma zimafuna kudekha. Pezani mlingo wa ntchito umene mungaukwanitse ngakhale tsiku loipa, kaya kuyenda mphindi 10, kaya kuchapa zovala zisanu, muzichita womwewo tsiku labwino ndi loipa lomwe, n'kumawonjezera pang'onopang'ono sabata iliyonse. Chovuta ndi kusiya ntchito mphamvu zikadalipo, anthu apakhomo adzakuonani ngati mukuzemba, auzeni chifukwa chake. Mabulangete chapani limodzi lero lina mkuja. Belo lipirani waganyu anyamule, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi sabata yogona osagulitsa. Pamsika musaime malo amodzi tsiku lonse, khalaniko, yendaniko. Muzigona ndi kudzuka nthawi yofanana, tiyi wamasamba usiku muchepetse, foni ikhale patali. Mtima ukayamba kugunda usiku khalani tsonga, kokani mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno n'kuutulutsa motalika kuposa mmene munaukokera, kupuma kotereku kumadzutsa mbali ija yokhazika thupi pansi ndipo mtima umatsikako.

Ululu udzabweranso, ndikuuzeni zoona, ngakhale mukuchita zonsezi. Ukabwera musati ndabwerera pa ziro. Chepetsani ntchito masiku awiri atatu, ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje pamalo popwetekapo, koma musagone pabedi sabata yonse, yendaniko ngakhale kuzungulira nyumba. Kuchira kwa matenda otere kumaoneka poti ululu ukabwera ukutha masiku atatu m'malo mwa masabata awiri, ndipo pakudutsa nthawi yaitali usanabwerenso, n'zimene muziyang'ana.

Gulani kakope muzilemba madzulo alionse mizere iwiri, mwagona bwanji, mwagwira ntchito yanji, chakudetsani nkhawa n'chiyani, ululu unali pati pakati pa 0 ndi 10, ndipo pakatha mwezi mukapite nako kwa dokotala. Panopa ndiyankheni pansipa kapena ku inbox, ulendo womaliza umene zinabwererawu, sabata ya m'mbuyo mwake kunachitika chiyani pakhomo ndi pa geni, ndipo munkagona maola angati?