Mwana wanga sakulemba mapulogalamu, akungokonza mawu a zida za AI

Funso: Mwana wanga wamkazi anamaliza dipuloma ya zamakompyuta ndipo wapeza mwayi wophunzira ntchito pa kampani ina. Koma akuti tsiku lonse amangowerenga ndi kukonza mawu ofotokozera zida zimene AI imagwiritsa ntchito. Ine ndinkayembekezera kuti azilemba mapulogalamu. Kodi sakutaya nthawi?

Mayi, mtima m'malo. Ntchito imeneyo ndi yeniyeni, ndipo anthu oidziwa bwino sanachuluke.

AI ya masiku ano, pulogalamu ya kompyuta yomva ndi kuyankha ngati munthu, imatumidwa ntchito kudzera m'timapulogalamu totchedwa zida: kufufuza mu database (nkhokwe ya zolembedwa pa kompyuta), kutumiza imelo, kuletsa oda ya kasitomala. Kampani ya OpenAI inabweretsa njira yoti AI iziitana zida, yotchedwa function calling, mu June 2023, kenako mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, yomwe ambiri amangoti MCP, kuti zida zizilumikizidwa ku AI m'njira yofanana. Chida chilichonse chimafika kwa AI ndi dzina lake, mawu onena zimene chimachita, ndi mndandanda wa zimene chimafuna kupatsidwa, wolembedwa m'kalembedwe ka makompyuta kotchedwa JSON Schema. Code imene ili mkati mwa chidacho, kutanthauza malamulo a pulogalamu amene amachiyendetsa, AI siiona ayi. Zili ngati kutuma mlendo ndi kakalata kokha: kakalatako kakasokoneza, mlendoyo achita zolakwika ndi mtima wonse. Mwana wanu ndiye akuyang'anira kakalatako.

Tsopano iwe mwanawe, popeza ndikudziwa kuti mayi akuwerengetsa, tamvera.

Tiyerekeze kuti wapeza chida chotchedwa cancel_order, ndipo mawu ake akungoti chimaletsa oda. Wolembayo akuona ngati wamaliza chifukwa code anailemba yekha, zonse zili m'mutu mwake. Iwe funsa zimene AI ingakakamire nazo. Oda imene yanyamuka kale ingaletsedwe? Ndalama za kasitomala zibwerera zokha, kapena pali chida china cha zimenezo? Nambala ya oda ilembedwe bwanji, ndipo AI iitenga kuti ngati kasitomala wangotchula dzina lake? Oda ikaletsedwa ingabwezeretsedwe? Mawu abwino amayankha zonsezi: chidachi chimaletsa oda imene sinatumizidwe, sichibweza ndalama, pobweza ndalama gwiritsa ntchito refund_payment, nambala uipeze kaye ndi search_orders, ndipo chikachitika sichibwereranso, choncho tsimikizira kwa munthuyo usanachite. Chiganizo chonena nthawi imene chida chisagwiritsidwe ntchito ndicho chimasowa kwambiri, pamene ndicho chimapulumutsa anthu ku mavuto ambiri.

Pa madeti khala tcheru. 03/04/2025 ku United States ndi March 4, pamene ku Britain ndi 3 April. Mawu akangoti lowetsa deti, AI ilota yokha. Anene kalembedwe kake, monga ka ISO 8601 kamene kamayamba ndi chaka, mwezi, kenako tsiku, apereke ndi chitsanzo chimodzi. N'chimodzimodzi ndi ndalama, kulemera ndi nthawi.

Usaweruze chida pachokha. Zida ziwiri zikakhala ndi mawu ofanana, mwachitsanzo china chofufuza makasitomala ambiri ndi china chotenga mbiri ya kasitomala mmodzi, AI imasokonezeka ngakhale chilichonse chitalembedwa mwaluso. Komanso usanyengedwe ndi kutalika. Mawu onsewa amadya malo m'zimene AI imatha kusunga nthawi imodzi, ndiye ziganizo zotamanda kuti chidachi n'champhamvu, n'chamakono, zichotse popanda chisoni.

Koma maso ako okha si umboni. Lemba zopempha zenizeni monga anthu amalankhulira, zina zosamveka bwino, zina zimene chidacho sichiyenera kugwira n'komwe. Zipereke kwa AI, uone chida chimene yasankha ndi zimene yalowetsa. Sintha chiganizo chimodzi, uyesenso. Onanso uthenga umene chida chimabweza chikalephera: "error 400" sithandiza aliyense, pamene uthenga wonena kuti deti lalembedwa molakwika umapatsa AI mpata wodzikonza.

Palinso nkhani ya chitetezo. Mu April 2025 akatswiri a kampani ya Invariant Labs anaonetsa kuti munthu woipa angabise malamulo mkati mwa mawu ofotokozera chida, AI n'kuwatsatira mwini kompyuta osadziwa, mpaka kuwerenga mafayilo achinsinsi. Ukaona mawu a chida chowerengera masamu akuuza AI kuti itsegule fayilo ina kapena isauze wogwiritsa ntchito, kanene msanga kwa akuluakulu ako. MCP ili ndi zizindikiro monga readOnlyHint (chida chimangowerenga) ndi destructiveHint (chida chingafufute kapena kuwononga zinthu), koma zimenezo ndi zonena za wolemba chida, si chitsimikizo.

Nkhawa ya mayi ako ili ndi pomwe yagwira. Ukamangokonza ziganizo osatsegula code, sudzadziwa ngati mawuwo akunena zoona, ndipo ntchito yako idzakhala yosavuta kuichotsa. Phunzira chinenero cholembera mapulogalamu monga Python kapena TypeScript, umvetse bwino mmene API (njira imene mapulogalamu amalankhulirana) imagwirira ntchito, ndipo upange seva yako yaing'ono ya MCP, kutanthauza pulogalamu yopereka zida kwa AI, yokhala ndi zida zitatu kapena zinayi. Pa zida zakozo sunga mawu akale, mawu atsopano ndi zotsatira za mayeso ako, pakuti za kampani sungazitulutse kunja, ndipo pofunsira ntchito adzafuna kuona zimene manja ako anachita.